M'mene Asankhira Osewera Badminton a Dziko Lathu

Madzulo ano tiupumitse pang'ono mpira wa miyendo, pakuti uli nao anthu okwanira oulankhulira, ndipo tikambe za masewera ena amene ambiri a inu munangowamva dzina cabe, ndiwo badminton.

M'mwezi wa April 2018 dziko la Zambia linatumiza anthu 4 ku Gold Coast, m'dziko la Australia, kukasewera badminton pa Masewera a Commonwealth. Amuna anali Chongo Mulenga ndi Kalombo Mulenga, akazi anali Ogar Siamupangila ndi Evelyn Siamupangila. Mu 2022 timu yathu inapitanso ku Birmingham, ku England. Tsono munthu woganiza angafunse kuti, m'dziko la anthu oposa mamiliyoni 19, anai otere amapezeka bwanji? Awasankha ndani, ndipo aona ciani mwa iwo? Nanga mwana wa ku Kanyama kapena wa ku Mtendere adzere njira iti kuti tsiku lina dzina lace lichulidwe pamodzi ndi ao?

Ine ndiona kuti kusankha kumene timamva pa wailesi, pamene awerenga maina a opita kunja, ndiko kusankha kotsiriza ndiponso kwakung'ono. Kusankha kwakukuru kumacitika zaka 10 izi zisanafike, pa khomo la holo, pamene mwana mmodzi alowa ndi kugwira raketi, anzace ambirimbiri natsala kunja osadziwa n'komwe kuti m'katimo muli ciani. Kuti izi zimveke, ndiyambe ndafotokoza masewera eni ace.

Badminton amasewera pa bwalo laling'ono, la mamita 13.4 m'litali ndi mamita 6.1 m'lifupi, ndipo pakati pace amamangapo ukonde wotalika mamita 1.55 pa mizati. Asewera awiri, mmodzi uku mmodzi uko, kapena anai, awiri uku awiri uko. Ali yense agwira raketi yopepuka yolukidwa ndi zingwe. Cimene amenya si mpira wozungulira ai, koma kanthu kopangidwa ndi nthenga 16 za tsekwe kapena za bakha, zozikidwa pa kamutu kofewa. Azungu amakacha shuttlecock, osewera amangoti shuttle, ndipo ife pano tidzati kampira ka nthenga. Kulemera kwace ndi magalamu 5 kapena kupitirira pang'ono. Lamulo lalikuru ndi lakuti kampirako kasagwe pansi ku mbali yako. Kawerengedwe ka mapointi kasinthidwa kangapo. Mu 2006 anakhazikitsa zowerenga mpaka 21, ndi kuti wopambana mbali ziwiri mwa zitatu ndiye watenga masewera.

Musanyozere kampira aka cifukwa ca kupepuka. Mu 2023 mnyamata wa ku India, Satwiksairaj Rankireddy, anakamenya pomuyesa ndi makina ndipo kanacoka pa raketi ndi liwiro la makilomita 565 pa ola. Koma kupepuka komweko ndiko kumene kwabweretsa bvuto lathu lonse. Kamphepo kakang'ono, kongogwedeza tsamba la mango, kakwanira kukakhotetsa. Inu a m'Lusaka mudziwa mphepo ya August ndi pfumbi lace. Mpira wa miyendo ufuna cimpombwa ca mapepala ndi miyala iwiri yoikira goli, basi. Badminton ya mpikisano ifuna zipupa zinai, pansi posalala, ndi denga lalitali: mamita 9 pa mipikisano ya maiko, ndi 12 pa yaikuru koposa. Tsono werengani m'mutu mwanu nyumba zotere zimene muzidziwa ku George kapena ku Chawama.

Za kumene masewerawa anacokera ndingodutsamo msanga. Akuru a asilikari a Angerezi anali kuwasewera ku Poona, m'dziko la India, m'zaka za m'ma 1870, ndipo dzina analitenga ku Badminton House, nyumba ya mfumu ina ya ku England. Bungwe la maiko onse linapangidwa mu 1934, ndipo masewerawa analowa mokwanira m'Olimpiki mu 1992 ku Barcelona. Zambia si mlendo pa nkhani iyi. Pamene maiko 7 anakumana ku Dar es Salaam mu 1977 kuti apange bungwe la badminton la mu Afrika, dziko lathu linali pomwepo, pamodzi ndi Ghana, Kenya, Mauritius, Mozambique, Nigeria ndi Tanzania. Mu 2007, pa Masewera a Afrika Yonse ku Algiers, Eli Mambwe anafika pa ndime yotsiriza ya amuna osewera mmodzi mmodzi natenga mendulo ya siliva, ndipo caka cotsatira anakasewera pa Olimpiki ku Beijing. Cotero palibe amene anganene kuti dzanja la mZambia silidziwa raketi.

Tsono tione cimene timu ya dziko ifuna. Pa mpikisano wa matimu, monga unali wa Commonwealth mu 2018 ndi mu 2022, maiko awiri akakumana amasewera masewera 5: mwamuna ndi mwamuna, mkazi ndi mkazi, amuna awiri awiri, akazi awiri awiri, ndi otsiriza amene mwamuna ndi mkazi athandizana mbali imodzi. Mukawerenga mipando yonse mupeza kuti ndi 8. Ngati dziko latumiza anthu 4 okha, ndiye kuti ali yense asewera kawiri, ndipo palibe wopuma. Wina akabinya mwendo m'mawa, timu yonse yapunduka. Ici ndico cifukwa cace wosankha sangangotenga akatswiri anai oyamba pa mndandanda. Ayenera kufunsa kuti, kodi awa awiri akaima pamodzi amvana? Pali osewera ena amene ali okha ndi mikango, koma ukawapatsa mnzao ayamba kulimbirana kampira ndi kuombana maraketi.

Ndipo onani cinthu cina cimene abambo ambiri sacilingalira. Pa masewera 5 aja, atatu safuna kuyamba popanda mkazi. Dziko limene liphunzitsa anyamata okha lagonja kale lisanakwere ndege. Ogar Siamupangila ananyamula mbendera yathu pa masewerawa kwa zaka zambiri, ndipo tiyenera kumthokoza. Koma pamene dzina limodzi limveka kwa nthawi yaitali cotero, munthu wanzeru amafunsanso za amene akudza pambuyo. M'makomboni mwathu mtsikana akaweruka ku sukulu amapeza mbale, mtsuko wa madzi ndi mwana wobereka zikumdikira, pamene mlongo wace waponya mabuku pa mpando nathamangira ku bwalo. Ameneyo wacotsedwa kale pa mndandanda, ngakhale palibe komiti imene inakhala pansi kumcotsa.

Kodi mphunzitsi wa masewera ayang'ana ciani mwa mwana wa zaka 8 kapena 10? Ambiri aganiza kuti ayang'ana mphamvu ya mkono. Ai, ayamba ndi mapazi. Badminton ndi masewera a kunyamuka mwadzidzidzi, kuima mwadzidzidzi, kutambasula mwendo kutsogolo mpaka bondo litapindika, ndi kubwerera pakati msanga kampira kasanabwerenso. Mwana wopepuka mapazi, amene atembenuka osapepesuka, ndiye ali ndi cuma. Caciwiri ndi diso: kudziwa kumene cinthu couluka cidzagwera cisanafike. Cacitatu ndi zala ndi pamfundo pa dzanja, pakuti raketi saigwira monga mpini wa nkhwangwa, koma mofewa monga upatsa munthu moni, ndipo amaifinya pa nthawi yokha ya kumenya.

Pano ndiime pang'ono, cifukwa ndi pamene mwana wa m'komboni aposa mwana wa m'mayadi. Taonani atsikana akusewera ciyato: mwala uli m'mwamba, dzanja likukokera timiyala pansi, ndipo libwerera kukawakha mwala uja usanagwe. Diso ndi dzanja lotere anthu a maiko ena amalipira ndarama kuti mwana wao aliphunzire. Taonaninso waida, kapena masewera aja ozinda mpira pamene awiri akuponya ndipo wa pakati alumpha, awerama, apotoloka. Ameneyo akucita zomwezo zimene katswiri acita pa bwalo la badminton, iye osadziwa. Mphunzitsi amene angaime masana amodzi pa mpata wa nyumba ku Kalingalinga angaone mapazi abwino ambiri koposa amene angawaone m'holo mwace caka cathunthu.

Cacinai ncobvuta kuona tsiku limodzi, ndico mtima. M'badminton mulibe anzako khumi obisalamo. Ukalakwa, holo yonse yaona kuti walakwa ndiwe. Mwana wina akataya mapointi asanu motsatana agwetsa mapewa nayamba kuyang'ana ku khomo. Wina aluma mano, nasintha kamenyedwe. Wosankha wocenjera akonda kuona mwana tsiku limene akugonja koposa tsiku limene akupambana.

Za msinkhu musade nazo nkhawa. Viktor Axelsen wa ku Denmark, amene anatenga golide wa Olimpiki ku Tokyo ndi ku Paris, ndi wamtali mamita 1.94. Akane Yamaguchi wa ku Japan, amene anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi mu 2021 ndi mu 2022, ndi wa mamita 1.56 cabe. Koma pali msampha umodzi umene ukola aphunzitsi m'maiko onse. Pa ana a zaka 12, amene wakula msanga thupi amenya mwamphamvu nagonjetsa anzace onse, ndipo ali yense ati tapeza katswiri. Patapita zaka zinai anzace aja amupeza msinkhu, ndipo cioneka kuti iye analibe luso, anali ndi thupi lokha. Kamwana koonda kamene kanasiyidwa, kamene kanali kuphunzira kupambana ndi nzeru popeza kanalibe mphamvu, ndiko kakadafika patali. Kwa ife msampha uwu ndi woipa kawiri, cifukwa mwana wosadya mokwanira amacedwa kukula. Ukasankha ndi thupi pa zaka 12, wasankha ana a nyumba zodya katatu. Cifukwa cace ndinena kuti pa ana aang'ono khomo likhale lotseguka kwambiri, ndipo kupatula kweni kweni kudikire kufikira zaka 15 kapena 16.

Pamenepa pabwera nkhani ya zaka zobadwa. Mipikisano ya ana amaigawa: osafika zaka 15, osafika 17, osafika 19. Kadi la NRC munthu alitenga atakwana zaka 16, ndipo ana ambiri a m'makomboni alibe cikalata ca kubadwa. Inu amai, sungani bwino kadi la ku sikelo la mwana wanu, ndipo mukatha kamlembetseni kuti akhale ndi cikalata, pakuti popanda ico pasipoti idzabvuta pa tsiku limene idzafunika mofulumira. Kucepetsa zaka za mwana kuti apambane anzace aang'ono ndi kuba, ndipo wobedwa woyamba ndi mwana yemweyo, amene adzazolowera kupambana kosabvutikira.

Mwana akasankhidwa, nchito yangoyamba. Akuru anati mmera mpoyamba, ndipo m'badminton mau awa ndi oona ndithu: dzanja limene lazolowera kugwira raketi molakwa kwa zaka zitatu limatenga nthawi yaitali kuliongola. Miyezi yoyamba ipita pa kagwiridwe ndi kayendedwe. Bwalo liri ndi malo 6 amene wosewera ayenera kufikako: ngondya ziwiri pafupi ndi ukonde, mbali ziwiri pakati, ndi ngondya ziwiri kumbuyo. Mphunzitsi aima kutsogolo naloza ndi dzanja, mwana nathamangira kumene walozako, namenya mphepo, nabwerera pakati, kopanda kampira konse. Ana sazikonda izi, pakuti zitopetsa ndipo ziribe cisangalatso, koma ndizo maziko. Ubwino wace ndi wakuti izi zokha sizifuna denga. Munthu angalembe bwalo ndi makala kapena phulusa kuseri kwa nyumba ku Matero nazicita m'mamawa asanapite ku sukulu, pamodzi ndi kulumpha cingwe.

Pambuyo pace aphunzira mamenyedwe: kukweza kampira m'mwamba kufikira kumbuyo kwa mnzako, kukatsitsa mofatsa kuseri kwa ukonde, kukakhoma pansi ndi mphamvu, ndi kukagwetsa mwaulemu kucokera pafupi kuti kakhudze ukonde nkugwera tsidya. Luso lalikuru ndi lakuti mkono uyambe mofanana pa onsewa, kuti mnzako asadziwe cimene cikudza. Kuti dzanja lizolowere, mphunzitsi anyamula timipira tambiri pa mkono naponya kamodzi kamodzi mofulumira, mwana namenya kosaleka. Kucokera tsiku loyamba kufikira pa msinkhu wa kusewerera dziko papita zaka 8 kapena 10 za kubwera ku holo masiku ambiri pa sabata.

Tsono apa ndi pamene ndarama ziyamba kulankhula. Timipira ta nthenga amagulitsa 12 m'cibekete cimodzi cacitali, ndipo tonse ticokera kunja, makamaka ku Asia. Anyamata amphamvu angathe kuthyola kamodzi m'mphindi zowerengeka. Pali tina ta pulasitiki tokhalitsa, tabwino kwa oyamba, koma kaulukidwe kace nkosiyana, ndipo wozolowera pulasitiki yekha amasokonezeka akapatsidwa nthenga pa mpikisano. Zingwe za raketi zimaduka. Nsapato ziyenera kukhala za mphira wogwira pansi, apo ai bondo ndi kakolo zidzalipira. Pali cinanso cimene ambiri sacidziwa: Lusaka ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, cotero kampira kamathamanga ndi kupitirira koposa m'mene kacitira kunsi. Ogula ayenera kuitanitsa timipira tocedwa, toyenera malo okwera. Ndipo wosewera wathu akatsikira ku mzinda wa m'mbali mwa nyanja, monga Gold Coast, afunika masiku angapo kuti mkono wace uyesenso mtunda. Timu yofika usiku nkusewera m'mawa yapatsa adani mapointi aulere.

Mu May 2010 anatsegula malo a masewera ochedwa Olympic Youth Development Centre, amene ambiri angoti OYDC, pa mseu wa Great North Road, mothandizidwa ndi bungwe la Olimpiki la dziko lonse. Holo yace yalandira mipikisano ya badminton, ndipo ndi mphatso yaikuru kwa mzinda uno. Koma taganizani za mapu a Lusaka. Mwana wa ku Matero angafikeko ndi miyendo. Wa ku George atalikirako. Wa ku Chawama, kum'mwera, kapena wa ku Mtendere ndi Kalingalinga, kum'mawa, akwere minibasi kufika m'tauni, akwerenso ina, ndipo pobwerera comweco: maulendo anai tsiku limodzi. Wa ku Kanyama m'nyengo ya dzinja ayambe waoloka madzi a m'njira. Kholo logulitsa tomato pa msika lingapirire ndarama zotere sabata imodzi kapena ziwiri, koma osati zaka 8. Ana ambiri aluso saleka cifukwa cogonja pa bwalo. Aleka cifukwa ca ndarama ya basi, ndi cifukwa cakuti sungathamange maola awiri m'mimba muli tiyi yekha.

Tibwere tsopano pa kusankha kotsiriza, kumene ndi nchito ya bungwe la Zambia Badminton Association. Kuli konse pa dziko njira zace ndi zitatu, ndipo kawiri kawiri amazisakaniza. Yoyamba ndi mndandanda wa mapointi a mipikisano ya m'dziko caka conse. Yaciwiri ndi kuitana opambana onse pamalo amodzi kuti ali yense asewere ndi mnzace ali yense. Yacitatu ndi maso a aphunzitsi. Iri yonse iri ndi cilema cace. Mndandanda ukondera amene ali ndi ndarama zoyendera ku mipikisano yonse, ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Kuyesana kwa masiku awiri kungataye katswiri amene anadzuka ndi malungo. Maso a mphunzitsi aona zimene mapointi saonetsa, koma mphunzitsi ndi munthu, ndipo mwana amene wamlera yekha amaoneka wokongola koposa wa mnzace. Mankhwala ace ndi amodzi: malamulo a kasankhidwe alembedwe ndi kulengezedwa caka cisanayambe, mphunzitsi asaweruze pa mwana wa kalabu yace, ndipo wosiyidwa auzidwe cifukwa pamaso.

Funso lobvutitsa koposa ndi ili: mpando watsala umodzi, ndipo pali wamkuru wa zaka 30 amene apambanabe, ndi mnyamata wa zaka 18 amene atsalira pang'ono. Utenga uti? Ine ndikadati, pa mpikisano umene tiyembekeza mendulo tengani wopambana lero. Pa ina yonse tengani mnyamata, pakuti kusewera pamaso pa alendo, m'holo yacilendo, sakuphunzira kwao. Ena adzatsutsa, ndipo ali ndi mfundo: wamkuru uja anagwira nchito, ndipo ngati kupambana sikukupatsa mpando, nanga anyamata adzalimbikiranji?

Pamwamba pa izi pali mndandanda wa dziko lonse lapansi, umene ndiwo khomo la Olimpiki. Bungwe la Badminton World Federation liwerenga mapointi a mipikisano 10 imene wosewera anacita bwino koposa m'masabata 52. Amene wasewera itatu yokha, ngakhale akhale waluso cotani, aposedwa ndi amene anali ndi matikiti a ndege khumi. Ici ndico cifukwa cace mpikisano wa Zambia International, umene wacitika m'Lusaka zaka zingapo, uli wa mtengo wapatali: alendo abwera okha, ndipo ana athu apeza mapointi ndi cizolowezi atagona kwao.

Inu a ku migodi, mverani nkhani iyi ya ku Indonesia, pakuti ikukhudzani. M'tauni ya Kudus, pa cisumbu ca Java, muli kampani ya fodya yochedwa Djarum. Mu 1969 anchito ace anayamba kusewera badminton madzulo m'cinyumba comwe anali kupotera ndudu masana. Ana a m'tauni anayamba kulowa nao, ndipo mmodzi wa iwo, Liem Swie King, anakhala katswiri wa mpikisano wochuka wa All England mu 1978, 1979 ndi 1981. Pambuyo pace kalabuyo inayamba kuitana ana a dziko lonse kuti adzayesedwe poyera. Amabwera oposa cikwi, ndipo opambana amapatsidwa malo ogona, cakudya ndi sukulu. Ocita bwino m'makalabu otere amatengedwa kupita ku malo a timu ya dziko ku Cipayung, m'Jakarta, kumene caka ndi caka ena akwezedwa, ena abwezedwa. Golide woyamba wa Indonesia pa Olimpiki, mu 1992, anabwera ndi badminton, m'manja mwa Susi Susanti ndi Alan Budikusuma. Sindikuyamikira fodya ai. Ngakhale kwao komweko mu 2019 panabuka mkangano pa za kuika dzina la kampani ya fodya pa malaya a ana. Cimene ndikuloza ndi cinyumba cija: denga linalipo kale, ndipo wina analola kuti madzulo ana alowemo.

Akuru a ku Kitwe, Mufulira, Luanshya ndi Chingola akumbukira nthawi imene makampani a migodi, ndi ZCCM imene inapangidwa mu 1982, anali kusunga makalabu, maholo ndi mabwalo, nalipira ndi owasamala omwe. Pamene migodi inagulitsidwa, pakati pa 1997 ndi 2000, ambiri a malo amenewa anasowa mwini. Ena a maholo aja aimabe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bungwe la badminton palokha silingamange nyumba m'komboni iri yonse. Koma mabungwe a anchito, makhonsolo ndi eni migodi a lero angathe kutsegula zimene ziripo.

M'Lusaka namo madenga aatali alimo, kungoti sitiwaona ndi diso la masewera. Pali maholo a masukulu, maholo a machalichi amene akhala otseka kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu, ndi maholo a khonsolo. Mwana woyamba safuna mamita 9. Denga loti kampira kakwere bwino pang'ono likwanira zaka ziwiri zoyamba. Mu 2012 bungwe la dziko lonse linayambitsa maphunziro ochedwa Shuttle Time, ophunzitsa aphunzitsi a m'masukulu wamba, ngakhale amene sanagwirepo raketi, m'mene angayambitsire kalasi lathunthu pa bwalo limodzi. Ndipo mu 2019 linaonetsa mtundu wina wa masewerawa wochedwa AirBadminton, wa kampira kolemererapo, kopangidwa kuti kapirire kamphepo, kosewera panja pa mcenga, pa udzu kapena pa dothi louma. Sikadzalowa m'malo mwa holo, ndipo mphepo ya August idzakagonjetsabe. Koma m'miyezi yabata kangathe kuonetsa mphunzitsi ana 40 pa bwalo la sukulu ku Chawama, kuti mwa iwo atengemo asanu opita nao pansi pa denga.

Kwa inu aphunzitsi a sukulu ndi akuru a mipingo amene mungafune kuyamba, zofunika poyamba ndi izi: maraketi 8 kapena 10, timipira ta pulasitiki, cingwe comanga pakati pa mizati iwiri ngati ukonde palibe, ndi coko kapena utoto wolembera mizere. Yesani mamita 13.4 ndi 6.1, tsekani mazenera a mbali ya mphepo, ndipo pansi pakhale posesa bwino ndi pouma, popanda polishi, cifukwa simenti yopaka polishi yagwetsa ana ambiri. Lembani m'buku dzina la mwana ali yense, tsiku lace lobadwa, ndi masiku amene wabwera. Theka la maina likhale la atsikana. Pakatha miyezi 6 lemberani kalata a Zambia Badminton Association kuti atumize munthu adzaone, ndipo bukulo mudzamuonetse.

Tsalani bwino nonse.